Amake Nesi

Loweruka, 20 Januwale

Ng'amba ikupitirira. Fodya wafota njira yonse ya ku Kapelula.

Ndinapita kukaona amayi, koyamba chisiyireni ntchito kuchipatala. Ndinavala suti yabuluu ija ndinagulira maintaviyu, kuti aone mwana wawo wa digiri ya masitazi ya bizinesi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwadzagula fodya, madamu? Sanakhwime." Ndinaseka. Kuseri kwa nyumba ndinalira.

Kuiwala kwawo kwakula. Mlongo wanga Wyson akuti dzana anawapeza m'munda wa a Mphepo, oyandikana nawo, akuthyola masamba anthete. Ati ndi munda wa malemu bambo.

Lachiwiri, 23 Januwale

Makalata ofunsira ntchito mbwee. Mayankho zii. Zaka ziwiri za Loweruka ndi Lamulungu m'kalasi ku Lilongwe. Ngongole ya fizi ikudulidwabe, pomwe malipiro kulibe.

Modester, mnzanga wa kuwodi ya ana, anandichenjeza kale. "Iwe Liness, digiri imeneyo imakomera amene ali kale pampando. Ife akationa amangoona jakisoni." Ndinamuyankha zamwano, kuti iye adzakalambira m'wodi momwemo. Pakamwa pangapa! Koma sindinaname kuti ndinatopa. Ana atatu pabedi limodzi, mankhwala kulibe, msana kuphwanya. Kodi kutopa ndi tchimo?

Lachisanu, 26 Januwale

Wyson waimba. Pamjigo akazi asiya kuwapatsa moni amayi. Manong'onong'o ayamba, ati agogo aja ndi amene akumanga mvula. Amayi anga! Munthu woiwala ndi dzina la mwana wake yemwe, angamange mitambo?

Kale sakadayerekeza. Loweruka lililonse ndinkatsika pakabaza ndi yunifomu yoyera, makina oyezera bipi m'chikwama. Khonde lodzaza. Matenanti a kuesiteti ndi zilonda zawo, ana otentha thupi, a Mphepo omwewo ndi shuga wawo. Amayi ankatchedwa amake Nesi. Akalankhula zosokonekera, anthu ankangoti ndi ukalamba.

Sukulu itandilanda masiku amenewo, khonde linauma. Ine osazindikira. M'kalasi tinkaphunzira kuoneratu zomwe zingagwetse bizinesi, ndipo ndinakhoza bwino ndithu. Izi zokha sindinazione.

Lamulungu, 28 Januwale

Ndatulutsa yunifomu m'sutikesi. Makwinya okhaokha. Ndasita, ndavala, ndapita. Ndi bodza, inde, koma nanga nditani?

Amayi kungondiona, "Liness! Wachedwa kuti, mwana iwe?" Dzina langa lenileni. Anandigwira masaya ndi manja onse awiri. Mtima unandiwawa kuposa tsiku la suti lija.

Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, makina a bipi pampando. Sipanabwere ndi mmodzi yemwe. A Mphepo anadutsa panjinga osatsika. "Tinamvatu kuti munasiya, madamu. Nanga zoyerazo ndi za sewero?"

Ndinasowa poponda.

Lachinayi, 1 Febuluwale

Foni ya ku Lilongwe. Kampani yogulitsa zipangizo za m'zipatala, intaviyu Lolemba. Ndinavina ndekha m'nyumba ngati wamisala. Kenako mantha.

Ndafunsa Modester ngati malo anga kuwodi alipobe. Anaikapo wina kalekale. Kubwerera m'boma, ati, ndi nkhani yodikira mpaka imvi. Sanandiseke. Bola akadandiseka.

Kumwamba kuli mbee. Ndi kamtambo komwe.

Loweruka, 3 Febuluwale

Anthu a m'mudzi atentha chigafa chathu cha fodya. Masanasana. Miyala padenga, umodzi wawapeza amayi pachipumi. Wyson anawathawitsira kwa apongozi ake. Apolisi abwera, alemba, apita.

Ndinathamangira ndi galimoto yahayala, ndi zovala za pakhomo. Bala ndatsuka ndi kumanga ndekha. Manja sanaiwale. Nditamaliza, amayi anati, "Muli ndi manja abwino, madamu, ngati a mwana wanga. Ndi nesi ameneyo. Mudzi wonse umadalira iye."

Ine ndimafuna akhale. Mvula iwapeze ali pomwepo, anthu agwidwe manyazi. Wyson anakana. "Ikachedwa mvulayo, achemwali, tiika maliro." Ndawatenga. Ali kuno kuboma, pabedi langa. Akufunsa kuti nkhuku zawo watsekera ndani.

Ndakwiya ndi a Mphepo, ndi mudzi wonse. Koma kwambiri ndi ine mwini.

Lamulungu, 4 Febuluwale

Mvula.

Yayamba mabelu a kutchalitchi akulira. Yamphamvu, malata kuchita kugonthetsa m'khutu. Ndinapemphera kuti ikhale ya kuboma kuno kokha. Munthu kupempherera ng'amba pamunda wa mlongo wako!

Wyson waimba. Ku Kapelula nako ikukhuthuka. Kumbuyo kwa mawu ake ndimamva nthungululu. A Mphepo akuti akuyenda khomo ndi khomo, "Mwaonatu? Angochoka dzulo lomweli." Kenako Wyson anati, "Achemwali, musadzawabweretsenso kuno."

Tikadangodikira tsiku limodzi.

Amayi ali pazenera, dzanja panja, nkhope yowala ngati ya mwana. Amanga kale kamtolo kawo m'chitenje. "Tiyeni kumudzi, madamu, fodya akufuna feteleza."

Suti ili pachitseko, intaviyu ndi mawa. Ndiwasiyira yani? Ndikaipeza ntchitoyo, m'kachipinda ka lendi ku Lilongwe azikhala ndi yani tsiku lonse? Satifiketi ili pakhoma apo, m'galasi lake, yokongola bwino.

Akana phala, akana mankhwala. Ati sadya za alendo, adikira Liness. Afunsanso kuti afika nthawi yanji.

Ndawauza kuti ali panjira. Ndikukavala yunifomu.