Agogo a Mapoto

Loweruka, 8 Malichi
Kamphepo, mdzukulu wanga, wakwanitsa zaka zisanu. Ndamugulira chidole cha tsitsi lalitali ndi timapoto, zonse zapinki, monga anandilangizira mtsikana wa m'sitolo. Kamphepo anandipsompsona padazi. Zonse zimayenda bwino mpaka pamene anatulukira asewere anga, agogo ake akuchimuna, atamanga tayi ngati akupita kukhoti. Abweretsa lole yapulasitiki yomasula matayala, ndi kasikuludiraiva kake. Chidole changa chagona chafufumimba pansi pa tebulo mpaka pano.

Lamulungu, 9 Malichi
Lole kwa mwana wamkazi. Munthu woti anali kalaliki, ngakhale kupopa njinga sadziwa. Ine amene ndakonza njinga mpaka zala kupindika ndili pompano.

Lachiwiri, 11 Malichi
Mwana watipatsa maina kuti azitisiyanitsa. Iwo ndi "agogo a lole." Ine "agogo a mapoto." Mkamwini anaseka mpaka tiyi kutulukira m'mphuno. Ndamusungira.

Lachitatu, 12 Malichi
Kasikuludiraiva kasowa. Ine sindikudziwapo kanthu. Kali m'nsapato yanga ya kutchalitchi.
Ndimati mwina akumbukira chidole. Ayi ndithu. Analira pang'ono, kenako asewere anafika n'kugwada pansi ndi tayi yawoyo, awiriwo kusuzumira pansi pa mipando masana onse, akuseka. Ndawawotcherera ndekha ubwenzi.

Lachinayi, 13 Malichi
Mwana wanga, amake a Kamphepo, wakapeza posesa.
"Ababa, ukalamba wake ndi umenewu?"
Ndinati nsapatoyo ili ndi khalidwe loipa kuyambira kale, imameza zinthu. Sanaseke.
"Akanakhala mnyamata, mukanamugulira mapoto?"
Ndinati mnyamata nayenso amadya.
"Ine ndili mwana ndinkaima pakhomo pa shedi yanu mpaka miyendo kuwawa. Bokosi la zida munkatsegulira achimwene. Ine munkati ndidetsa diresi."
Ndinafufuza nthabwala m'matumba onse, sindinaipeze. Tiyi ndamwa wozizira.

Lachisanu, 14 Malichi
Asewere abweranso. Ndawamva akulonjeza ndege. Mutu ukundiwawa mbali imodzi, mbali imene anakhala iwowo.

Loweruka, 15 Malichi
M'mawa ndinatulutsa njinga yanga yakale, kuigadamitsa pakhonde, bokosi la zida lili yasa. Sindinaitane munthu. Ndimangoimba mluzu, ndikugogoda mwadala pomwe sipanawonongeke.
Posakhalitsa ndinaona timapazi pambali panga, lole ili m'khwapa.
"Agogo a mapoto, ichi n'chiyani?"
"Sipanala. Imaluma ana aakazi."
"Bodza."
Anaika lole pansi n'kuitenga. Anayamba kupotokola nati ya tayala chobwerera, lilime lili panja. Ndinagwira kadzanja kake, tinakoka limodzi, natiyo n'kumasuka. Anandiyang'ana ngati wagwetsa mtengo yekha. Kenako amafuna tcheni, amafuna mabuleki, amafuna kudziwa chifukwa chake tayala limalira. Girisi mpaka m'makutu, diresi latheratu. Amake amationera pawindo.
Masana asewere anafika ndi phukusi lalikulu m'manja.
"Kamphepo, tabwera udzaone chimene ndakutengera."
Mwana osacheuka n'komwe. "Dikirani kaye, agogo. Tili pa ntchito."
Anaima pamenepo ndi phukusi lawolo, akukonzakonza tayi.
Ndinadzuka ndekha kukawatengera mpando. Wabwino uja, wa khushoni.