Ngolo Yopanda Mutu

Lachiwiri, 3 Juni

Foni inalira ndili pamakwerero, ndikubwezera mabuku pashelufu yapamwamba. Mlamu. Mawu ouma: "Alamu, alongo anu atisiya." Ndinayamba ndaika buku linali m'manjalo pamalo pake, kenako n'kutsika. Akuti mtima. Wagwa pabwalo akutsuka maburashi ake a penti. Mlongo wanga wamng'ono, yemwe ndinkamubereka kumsana. M'basi sindinalire. Ndimangowerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Lolemba, 9 Juni

Anthu abalalika. Ndatsala ndi mlamu sabata ino. Kukhala pansi kukukanika. Ndatsuka makapu otsukatsuka. Buku ndatsegula, mzere womwewomwewo.

Mlamu sakufuna kulowa m'kachipinda kakuseri, wandipempha ndikasesemo. Fungo la guluu ndi penti, ngati mwiniwake wangotuluka. Umu ndi momwe ankathera Loweruka lililonse. Ankagula tizidole takale ta magalimoto, timavani ndi timapikapu totalika ngati chala, n'kudula mutu ndi kasowo. Mutuwo ankaulumikiza ku ngolo yaitali yopanga yekha, n'kutuluka kalole komwe palibe fakitale inapangapo. Ndinkamuseka kuti munthu wa imvi n'kumadula zidole makosi. Iye: "Chemwali, inu zinthu mumazisunga, ine ndimazikwatitsa."

Lachitatu, 11 Juni

Tsiku lonse m'kachipinda. Patebulo chipwirikiti chokhachokha. Mathireyi a mazira mbwee, iliyonse muli mutu, matayala, tizitseko, timagalasi. Mutu wofiira pamodzi ndi zitseko zobiriwira, matayala a thirakitala pambali pa kavani. Manja a munthu wa mulaibulale sanapirire. Mitu ya mavani katoni yake, ya mapikapu yake, yosanja mwa mitundu. Matayala m'mabotolo, aang'ono paokha. Ndamata timapepala. Chandikanika n'chimodzi: ngolo ina yopanidwa m'chopanira chachitsulo cha patebulo, chogwirira chake chalimba. Ndaisiya.

Lero kokha ndapumako bwino. Ngati ndamuchitira kanthu.

Lachisanu, 13 Juni

Kunabwera mnzake wa malemu, wokonza mawotchi. Anaima pakhomo la kachipinda, chipewa m'manja, maso patebulo. Anafunsa wakonza muno ndani. Ndinayankha monyadira. Anakhala pampando pang'onopang'ono ngati wodwala msana.

Akuti thireyi iliyonse inali galimoto imodzi, ziwalo zake zosankhidwa kale, zongodikira guluu. Zina ankazifunafuna chaka chathunthu. Sankalemba paliponse, thireyiyo ndiyo inali kukumbukira kwake. "Mayi, onse amene iye anawatomeretsa mwawabweza kwa makolo awo." Ananena mofatsa. Bola akanandikalipira.

Atapita, mlamu ali pamakina ake osokera, osadziwa kanthu, anandiuza kuti malemu ankamupangira galimoto yakeyake, n'chifukwa chake ankamuletsa kulowa. Akuti ndikaipeza ndimupatse, ngakhale ikhale yosatha. Ndinangoti chabwino.

Ndabwerera kukayang'ana ngolo yopanidwa ija. Pamwamba pake kamakina kosokera kochepa ngati njere ya chimanga, gudumu lake la mkati mwa wotchi, komangidwa ndi ulusi ngati katundu wapaulendo. Ndiyo ya mlamu. Mutu wake unali m'thireyi yapafupi, kaya iti. Tsopano uli m'katoni mwanga, pakati pa anzake, mwaudongo.

Lachiwiri, 17 Juni

Masiku awa kuyesa mitu. Wokonza mawotchi wabwera ndi kagalasi kake ka padiso. Tikuyang'ana mmene tupa yopalira inadutsira, mutu uliwonse kuuyandikiza ku ngolo. Wina waukulu, wina wopendama, wina sunapalidwe n'komwe. Yokwana bwino yatsala iwiri: vani yabuluu ya mphuno yobulungira, ndi pikapu yachikasu yong'ambika galasi. Yonse ikukhala ngati inabadwira pomwepo.

Iye akuti ndisankhe umodzi timate, mayiwo asangalale. "Guluu saulula." Chubu ndinachigwira ndithu, chivindikiro n'kutsegula. Koma ndawerengapo mabuku omwe wolemba anamwalira asanamalize, wina n'kumumalizira. Nthawi zonse ndimadziwa tsamba lomwe dzanja linasinthira. Mlamu wakhala ndi malemu nyumba imodzi kuyambira ali mtsikana. Angalephere kudziwa?

Kapena ndikungoopa kusankha molakwa kachiwiri.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinapitako kuntchito. Mwana wasukulu wafuna buku la nyenyezi, ndamupatsa la nyerere. Abwana akuti ndipume kaye. Kupuma kwake kuti? Ndayenda pansi mpaka kwa mlamu, kudzera njira yaitali, mitu iwiri ija m'thumba la juzi. Chala chikungosisita, wabuluu, wachikasu, wabuluu. Lole iliyonse yodutsa ndikuiyang'ana pakhosi.

Mlamu wafunsanso ngati ndaipeza. Ndati ndikuyang'anabe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ulusi uli pakamwa.

Lamulungu, 22 Juni

Ndamuuza mlamu. Anali akupinda mpendero wa siketi ya munthu. Ndinafotokoza zonse, mathireyi, makatoni, timapepala tanga. Anayamba kuseka. "Inu alamu, kumwamba mukakafika mukasanja angelo mwa misinkhu." Kuseka kuja kunathera m'misozi, tonse awiri, siketi ya eni ake n'kunyowa.

Kwa nthawi yoyamba analowa m'kachipinda. Anawerama pa kamakina kosokera, sanakakhudze. Ndinaika mitu iwiri ija m'dzanja lake. Anaitembenuza, anaiyesa, wabuluu kenako wachikasu. Akuti sangadziwe. Akuti mmene ankawadziwira amuna ake, mwina sunali uliwonse mwa iwiriyi, akanatha kutenga wosakwana n'komwe n'kuupala mpaka uvomere. Anandibwezera.

"Musamate. Mukamata ikhala yanu."

Tinathira mafuta a makina pa chopanira chija, tinakoka awiri, chinamasuka. Ngolo anainyamula m'manja awiri ngati dzira.

Mawa ndibwerera kwanga. Kachipinda n'koyera, tebulo lopanda kanthu. Pawindo la mlamu, pafupi ndi makina ake, pali ngolo yopanda mutu. M'chikwama changa muli katoni ya mitu, yosanjidwa bwino mwa mitundu yake.