Kapu ya Amayi Anga Sichoka Pansi pa Bedi

Agogo,

Ndikuti agogo poti aliyense amakutchulani choncho, koma mwina woyamba kuona dzuwa ndine. Ndine wamasiye, ndipo chimwalirire amuna anga ndimakhala kwa mwana wanga Zelig ndi mkazi wake Perel.

Kuyambira ndili kamtsikana sindinapondepo pansi m'mawa ndisanasambe m'manja, monga mwa mwambo wa chipembedzo chathu. Ndikatsegula maso ndimathokoza Mulungu pondibwezera mzimu wanga, kenako ndimakoka beseni ndi kapu pansi pa bedi n'kuthira: lamanja, lamanzere, mosinthanasinthana mpaka lililonse katatu. Ndisanatero sindigwira m'maso, pakamwa kapena chakudya. Kapuyo ndi yamkuwa, ya zogwirira ziwiri, amayi anga anawoloka nayo nyanja.

Mwezi wathawu ndikukataya madziwo kubafa, ena anatayikira pansi, ine phii, chiuno pansi. Sindinathyoke, ndinangotupa. Koma Zelig anachita ngati wandipeza m'bokosi. Analanda beseni, kapu n'kuiika pamwamba pa kabati.

Anati, "Amayi, bafa lili apa pomwe. Ndafunsa a Rabi a kusunagoge kwathu, akuti poti ndi m'nyumba momwemo mukhoza kuyenda kukasambira kumpope."

Ndinati, "A Rabi akowo ndinawaona ali mwana akutuluka mamina. Wofuna kuyenda ndi manja a tulo ayende, ine toto."

Iye anati, "Ndikadzalipezanso beseni m'chipinda muno, tikakusiyani kunyumba yosungira okalamba. Kumeneko kuli anamwino. Ine sindikutolani pansi kawiri."

Agogo, ine sindinagonje. Atapita kuntchito ndinakwera mpando n'kutsitsa kapu yanga. M'malo mwa beseni ndikusambira m'mbale yakale. Ndiponso ndapeza nzeru: madzi sindiyenda nawonso. Pazenera la chipinda changa Perel anaikapo chitini cha timasamba take tothira mumsuzi wa nkhuku wa Sabata, ndiye ndimangothira momwemo. Tachita kunenepa, mwiniwake akudzitama kuti ali ndi dzanja labwino.

Vuto n'loti Perel wayamba kusuzumira pansi pa bedi akamasesa. Ndikagwidwa, ndapita. Kwa okalamba sindikufunako, kapu sindisiya. Nditani?

F.L., Cleveland

Mayi F.L.,

Tisanapite patali, chokani pa timasamba ta mpongozi wanu! Inu, mwana wa mayi wowoloka nyanja ndi kapu, mwaiwala kuti madzi amenewo sagwiranso ntchito ina iliyonse? Sitiwataya ngakhale pomwe munthu angaponde. Ndiye inu mukutsuka chidetso cha tulo m'zala zanu n'kukachinenepetsa pazenera kuti banja lonse lichimwere mumsuzi, pa Sabata penipeni! Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma izi ndinazidziwa mano aubwana asanaguluke. Imeneyo si nzeru, ndi mantha ovala mpango.

Tsopano ya kapuyo. Musaisiye. Ndatero ine.

A Rabi sananame, alipo ambiri oopa Mulungu amene amakasambira kumpope, ndipo muleke kuwerenga mamina a anthu ophunzira. Koma chilolezo si lamulo. Dokotala akandiloleza kudya phala sindiye kuti wina abwere adzandizule mano. Mwasamba pafupi ndi bedi moyo wanu wonse, palibe mwana wobadwa dzulo amene angakusamutseni.

Zelig si nkhanza ayi. Anaona mayi ake ali gada pansi, mtima unamuchoka, ndipo mwamuna akachita mantha amakalipa. Kungoti pofufuza wolakwa anagwira wosalakwa. Chinakugwetsani si kusamba, ndi kunyamula. Mwambo ukuti musambe musanayende. Ndi pati pamene unati nkhalamba izidzandira ndi beseni m'khonde, maso ali ndi manthongo?

Ndiye mutere. Lekani kubisala, wobisala amaoneka wakuba ngakhale katundu ali wake. Musayambitse nkhaniyi patebulo la Sabata, pamenepo si pokanganirana. Dikirani Lamulungu onse atakhuta, mutulutse kapuyo, muiike patebulo kuti gwa. Yambani ndi Perel. Muuzeni za timasambato nokha asanazitulukire, mupepese kamodzi, osati kasanu, ndipo mumugulire mbewu zina ndi dothi lina. Zakalezo akafunse a Rabi omwewo chochita nazo, nawonso aone kuti mumawawerengera.

Mukatha mutembenukire kwa Zelig. Mumuuze kuti mukufuna beseni lakuya lokhala ndi chivundikiro, thaulo lalikulu loyala pansi, ndi kampando kafupi pambali pa bedi kuti musamawerame ngati mukusaka ndalama yotayika. Madzi azikhala ongokwanira, si ubatizo wa ng'ombe. Madzulo azibweretsa ndi iye, m'mawa asanapite kusunagoge azikataya ndi iye. Inu ntchito yanu ndi kuthira basi, muli chikhalire.

Akayamba zoti alibe nthawi, mufunseni funso limodzi: pamene timanja take tinali tosatha kugwira kapu, ankamuthirira madzi ndani, n'kukataya ndani? Mukafunsa mutseke pakamwa. Ndikudziwa kuti kwa inu n'kovuta, kwa inenso n'chimodzimodzi, koma musiyeni alimbane nalo yekha.

Mkamwini wanga anayesapo zomwezi. Anati, "Amayi, kapeti ikuwola ndi madzi anuwa." Ndinati, "Kapeti ndi ine, anayamba ndani kulowa m'banja lino?" Lero amanyamula beseni langa m'mawa uliwonse, akung'ung'udza ngati firiji yakale, koma amanyamula. Kung'ung'udza sikunataye madzi n'kamodzi komwe.

Za nyumba ya okalambayo, mumuuze maso ndi maso kuti asadzakuopsezeninso nayo ngati mkwapulo. Nkhani imeneyo ikadzafika idzakambidwa ndi anthu atakhala pansi, inu muli pomwepo, osati chifukwa cha madzi a m'kapu.

Koma mvetsetsani, mayi. Mwandiuza nokha kuti munakwera mpando, muli nokha m'nyumba, chiuno chili chotupa. Mukadzabwerezanso, Zelig sadzafunikanso kukuopsezani, ambulansi idzamugwirira ntchito. Inu mudzapita, kapu ya amayi anu idzatsala, ndipo ndikumudziwa mpongozi wa dzanja labwino amene adzadzalamo timasamba.

Agogo Bluma