Buku la alamu ndi chifuwa cha Taonga

Lachiwiri madzulo. Mutu wanga sunakhale pamodzi lero.

Alamu anga, aphunzitsi aja a ku Tamanda, anabwera m'tauni m'mawa, ndiye ndinati ndiwabwezere mabuku awiri amene anandibwereka. La mbiri ya Angoni linandikanika. Anthu akutha pankhondo, ine tulo basi. Bola mafilimu, wakufa lero umamuonanso mawa mu ina, mtima suwawa.

Linalo ndilo landisokoneza. Muli bambo wonyamula anthu pa njinga ngati ine, mwana wake akutsokomola ngati mmene akuchitira Taonga wanga sabata ino. Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala pamzere, kuti ndione mankhwala amene anamupatsa. Sanatchule. Akungokamba za mvula ndi maganizo a bamboyo.

Ndinafunsa, "Alamu, munthuyu akhala kuti? Ndikamufunse ndekha."

Anaseka. "Kulibe munthu ameneyo, alamu. Wolemba anangomupeka."

"Nanga mwanayo anachira?"

"Malizani nokha, mudzakonda."

Kukonda chiyani? Munthu wamkulu kukhala pansi, kupeka mwana, n'kumudwalitsa dala, osanena ndi mankhwala omwe. Bukulo ndabwerera nalo kunyumba, sindidziwa chifukwa chake.

Amake Taonga atandiona nalo anati, "Atate ake, chifuwa chili pamphasa apa, osati m'bukumo. Mawa mutinyamule ku kiliniki, makasitomala adikire."

Ndavomera. Masamba atsala ochepa, koma sindiwatsegula mpaka anesi amuone Taonga. Ngati wa m'bukuyo safika kumapeto, sindifuna kudziwa wanga akali kutsokomola chonchi.