Kapu ya Mafupa a Ng'ombe ya Pamaliro

Stoke-on-Trent, Mangalande
Novembala 1977

Kwa Mayi Yunike Mwafongo, ku Kaporo,

Ine Zebedee, mlongo wanu, mwini madigiri awiri amene sanaphikirepo munthu ndiwo, ndikupereka dandaulo pa chitini cha mkaka chimene munanditumizira. Ndinapempha phulusa la mafupa. Mwatumiza phulusa, mchenga, mankhusu a mpunga ndi nthenga ya nkhuku imene sindinaitanitse.

Dandaulo likhale apo kaye. Ndikulonjere m'chikwathu: mwaghona, Yunike? Amayi miyendo ija ikuwalola kufika kumunda? Ine ndili moyo, kungoti dzuwa kuno limabwera ngati mlendo wokwiya. Ndalemba m'Chichewa kuti bambo wa boma amene amatitsegulira makalata panjira asavutike. Moni kwa inunso, bambo.

Unandifunsa ngati sindinapenge, munthu wolephera kubwera kumaliro a bambo ake n'kumaitanitsa mafupa a ng'ombe imene munapha pamalirowo. Tamvera. Makapu amene timaumba pafakitale pano, opyapyala aja oti ukawalozetsa kuwindo zala zako zimaonekera, theka lake ndi mafupa a ng'ombe. Amawawiritsa mpaka mafuta onse atachoka, amawawotcha mpaka mbee, n'kuwapera. Theka linalo amaligawa pawiri: dongo loyera lopatsa kapu thupi, ndi mwala wopera umene umasungunuka pamoto n'kumata zonsezo. Ndinati popeza sindinaponye dothi m'manda, ndiumbe kapu imodzi ndi ng'ombe ya bambo, amayi azimwera tiyi.

Koma iwe, mwana wa mayi anga, unawotchera mafupawo pansi pafupi ndi khola, n'kusesa ndi tsache ngati ukusesa pabwalo. M'dothi limene madzi osefukira amatisiyira ku Kaporo muli chitsulo. Maso sachiona, moto ndiwo umachiulula. Ndinasefa, ndinadutsitsa maginito, ndinasefanso. Chotsala chinangokwanira kapu imodzi, yopanda ina yoyeserera.

Moto woyamba ndiwo woopsa, umapitirira madigiri 1,200. Ukachepa pang'ono, kapu imatuluka yomwa madzi ngati choko. Ukapyola pang'ono, imafewa n'kukhala pansi ngati woledzera. N'chifukwa chake timaivundikira pa mkombero woigwira milomo kuti isapotoke ikamanyala. Moto wachiwiri, wa madzi a galasi owalitsa kapuyo, ndi wofatsa. Yanga sinafike kumeneko. Inatuluka m'ng'anjo itapendekeka, yodzaza madontho ofiirira, ndi mng'alu kuchokera pamlomo mpaka pachogwirira. Kapitawo wathu anaiyang'ana nandiuza mwaulemu kuti zotere amataya kudzala. Ndinamuyankha kuti kwathu maliro sitiika kawiri.

Ili pawindo panga. Tiyi imataya, kwa amayi singapite. Ndikailozetsa kudzuwa lawo losaukali, kuwala kumadutsa ponse kupatula pamadontho ako aja. Zaka zonsezi ndakhala ndikulakalaka kuponda dothi la kwathu, ndiye landitsatira lokha kudzandiwonongera ntchito.

Za kubwera usandifunsenso. Chifuwa changa sichigwirizana ndi mphepo imene ikuwomba kumeneko. Hudson, amene tinaphunzira limodzi, anali ndi chifuwa chomwechi, cholankhula kwambiri m'misonkhano ya ophunzira. Anabwerera chaka chatha, ndipo ukudziwa kuti anamugoneka kumene odwala ake sazondedwa. Boma linanditumiza kuno kudzaphunzira dongo kuti dziko lathu lileke kumwera tiyi m'zitini. Dongo ndaliphunzira, njira yobwerera ndiyo yatsekeka. Tsopano ndimaumbira makapu anthu amene sadziwa kuti Karonga ndi dziko kapena ndi matenda.

Amayi usawauze kuti kapu inang'aluka. Uwauze kuti ikadali pamoto, ndipo moto wa Azungu ndi wochedwa. Undiperekere moni kwa iwo, kwa amalume a ku Uliwa, kwa alamu anga a Lyson, ndi kwa ana ako amene amandidziwira pachithunzi.

Tsopano tibwerere ku mlandu, Mayi Mwafongo. Poona kuti kusesa kwanu kwawononga katundu wosagulika, ndikulamula chipukutamisozi chotere. Munditumizire ng'ombe yamoyo, yosambitsidwa bwino, iyende yokha kudzera pa Songwe, isaponde dothi panjira. Ngati imeneyo yakukanikani, pali chindapusa china chimene sindichotsera: muwaletse amayi kumwalira mpaka mphepo itasintha. Akaumirira, muwauze kuti mwana wawo wophunzira wakana, chifukwa ng'ombe yachiwiri ya pamaliro sangaiumbe.

Ndine wodandaula wanu, wosapukutika misozi,

Zebedee