Galimoto Munasiya Ija

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, mvula yayamba.

Amayi atuluka m'chipatala Lachiwiri. Mwendo auika chikhakha, ndipo adokotala akuti adzayendanso, koma ndi ndodo. Galimoto inawagunda akuwoloka msewu pochokera kumsika. Apolisi atamuyeza woyendetsayo anapeza kuti anali ataledzera. Amulanda laisensi, ndipo mlandu ulowa m'khoti mwezi wamawa.

Loya akuti Amayi akapereke umboni kuti ainshulansi alipire chipukutamisozi, koma iwo akukana. Dzulo anandifunsa kuti, "Ndikaime pamaso pa woweruza, ndimuloze chala mdzukulu wanga?"

Achimwene, galimotoyo ndi ija munasiyira mwana wanu. Muimbireni foni. Sakudya, ndipo kuchipinda kwa agogo akewo sanalowekobe.

Ndine mlongo wanu.