Ndinafufuta uthenga wa mkulu wa situdiyo

Aphungu,

Amuna anga ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo. Koma mphatso yawo yeniyeni ndi yopeka nyimbo. Akagwira gitala pa nthawi yopuma masana, anthu odzatenga zovala amaiwala chomwe abwerera. Kungoti nyimbo zawo n'zazitali, imodzi imatha mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo zilibe kolasi. Aimba zaka khumi ndi ziwiri osamvekapo pa wailesi, pomwe anzawo amene anaphunzira kwa iwo kugwira gitala akutchuka.

Miyezi iwiri yapitayo ndinachita chinthu chochititsa manyazi. Anasiya foni patebulo popita kosamba, ndiye panalowa uthenga wa mkulu wina wa situdiyo wowaitana kuti akajambule. Ndinakumbukira achemwali anga. Amuna awo atangotchuka anayamba kubwera kunyumba ngati mlendo, mpaka banja linatha. Mantha anandigwira, ndinafufuta uthengawo. Kuchokera tsiku limenelo chakudya sichinkatsika, ndipo akayamba kuimba ndinkathawira kukhitchini.

Sabata yatha nditakawapatsira chakudya kuntchito, anandiuza akuseka kuti mkulu uja anawalondola pakhonde pomwepo, n'kuwanena kuti ndi onyada, sayankha mauthenga. Anapita kusitudiyoko osandiuza, ati amafuna adzandidabwitse. Kumeneko anauzidwa kuti nyimbo yolira malemu mayi awo aidule itsale mphindi zitatu, aithamangitse, ndipo aikemo kolasi yoti "gwedeza, gwedeza". Iwo anangonyamula gitala wawo n'kunena kuti, "Mayi anga sanamwalire kuti anthu azigwedezera chiuno." Atamaliza kundifotokozera anawonjezera kuti, "Foni iyi yakalamba, mayi, yayamba kumeza mauthenga. Ndigula ina."

Aphungu, mtima wanga wakhala pansi, ndapepukidwa kwabasi. Mwayi uja si ine ndinawaphera, anaukana okha. Ndayambanso kudya, moti siketi yomwe anandichepetsera nditaonda yayamba kuthina. Koma akamaitukwana foni ija ndimasowa poyang'ana. Kodi ndiulule, kapena ndingokhala chete poti palibe chawonongeka? Nanga munthu waluso chotere akulephereranji kutchuka?

E.N., kuseri kwa msika

Mayi E.N.,

Pumani ndithu, mwapulumuka. Koma musavine kwambiri, chifukwa foni yosalakwa ikusenza mlandu wanu.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri. Luso palokha silitchukitsa munthu. Wailesi imafuna nyimbo yaifupi yoti ilowe pakati pa zotsatsa malonda, yokhala ndi mawu oti munthu awagwire atangomva kamodzi. Woimba amayeneranso kudzitsatsa, kugogoda m'maofesi ndi kulola kuti ena amudulire ntchito yake. Bambowo amasoka nyimbo mochita kuyeza, pomwe msika umafuna zovala zoti zimukwane aliyense. Alipo ambiri oimba bwino amene amafika pakhomo la kutchuka, n'kumva zomwe akufunika kutaya, n'kubwerera. Kumeneko si kulephera ayi. Ndipo mwaona nokha kuti amuna anu si alamu anu aja.

Tsopano za kuulula. Ululani sabata ino, asanawononge ndalama pa foni ina. Musakanenere pakhonde pali makasitomala, dikirani muli awiri kunyumba atakhuta. Yambani ndi zomwe munachita, kenako munene chomwe munkaopa, achemwali anuwo muwatchule ndithu. Musayerekeze kuyamba ndi mawu oti "poti munakana kale", chifukwa kumeneko n'kudzikhululukira nokha. Akakwiya asiyeni akwiye, ali ndi chifukwa. Mtima wawo ukatsika, muwakumbutse mwaulemu kuti nawonso anapita kusitudiyo mwakachetechete. M'nyumba mwanumo zobisa zachuluka.

Mukatha pamenepo, akonzereni. Foni yomwe mwainamizirayo igwire ntchito: ajambuleni nyimbo ya mayi awo yonse, mphindi zisanu ndi zinayi osadula, muitumize kwa makasitomala aja amene amaiwala zovala. Funsaninso m'malo odyera abata kumene anthu amakhala pansi n'kumvetsera, komanso ku mapulogalamu a pa wailesi ocheza ndi oimba. Mwina sadzadzaza bwalo la masewera, koma omvera awo alipo.

Chenjezo langa ndi ili. Uthenga wina udzabwera, mwina wa munthu wofuna nyimbo zawo momwe zilili, ndipo tsiku limenelo akhoza kudzavomera. Foniyo mudzawapatse m'manja nokha. Mukadzafufutanso, adzakhala nanu pakhomo ndithu, koma mudzakalamba osadziwa ngati akanasankha kukhala.

Aphungu